Mbalame za mu Africa zikusowa owerenga okhazikika

Pakati pa 1969 ndi 1973, katswiri wa mbalame wa ku France, Jean-Marc Thiollay, ankayenda pagalimoto pang'onopang'ono m'misewu ya m'madera amene lero ndi Burkina Faso, Mali ndi Niger, uku akulemba miimba, ziombankhanga ndi akabawi onse amene waona. Zida zake zinali galimoto, zoonera patali, kope ndi cholembera basi. Patapita zaka 30, mu 2003 ndi 2004, anabwerera m'misewu yomwe ija, nyengo yomwe ija, n'kuwerenganso mwa njira yomwe ija. Anapeza kuti kunja kwa malo otetezedwa miimba ikuluikulu inali itatsala pang'ono kutheratu. Manambala akewo, pamodzi ndi kalembera wina wa m'misewu wa kumpoto kwa Cameroon, ku Kenya ndi ku Botswana, ndi amene anali maziko a kafukufuku amene anatuluka mu 2024, woonetsa kuti mwa mitundu 42 ya mbalame zodya nyama za m'tchire la mu Africa, mitundu 37 inali itachepa.

Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, koma muli funso limene anthu salifunsa kawirikawiri: tikanadziwa bwanji? Tadziwa chifukwa munthu wina anawerenga kalekale, anasunga makope ake, ndipo anabwereranso. Africa ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 2,300, ndipo yambiri mwa iyo ilibe kope loterolo. Ikhoza kuchepa ndi theka popanda wina wotha kutsimikiza. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chikusowa kwambiri pa kafukufuku wa mbalame mu Africa ndi anthu okhala pamalo amodzi zaka zambiri, olandira malipiro, owerenga malo omwewo mwa njira imodzi, komanso malo odalirika osungira zimene alemba. Zida zamakono zibwere ndithu, koma zibwere pambuyo pa zimenezi.

Mukayala mapu a zimene zadziwika, chithunzi chake chimaonekeratu. Kummwera kwa Africa kwadzaza. Magazini ya sayansi ya Ostrich inayamba kutuluka mu 1930. Kuveka mbalame mphete za manambala kumwendo, kuti zizizindikirika zikapezekanso, kunayamba ku South Africa mu 1948. FitzPatrick Institute ya pa yunivesite ya Cape Town yakhala ikuphunzitsa ofufuza kuyambira cha m'ma 1960. Pakati pa 1987 ndi 1991 anthu zikwizikwi anasonkhanitsa zoona zawo m'mayiko asanu ndi limodzi, Botswana, Lesotho, Namibia, South Africa, Swaziland ndi Zimbabwe, ndipo mu 1997 munatuluka mabuku awiri akuluakulu a mapu a mbalame. Kenya nayo ili ndi mizu yakuya: bungwe limene lero ndi Nature Kenya linayamba mu 1909, magazini ya Scopus mu 1977, ndipo ku Ngulia, m'nkhalango ya Tsavo West, anthu akhala akuveka mphete mbalame zodutsa usiku wa nkhungu kuyambira 1969. Kumadzulo kuli magazini ya Malimbus kuyambira 1979, ndi sukulu yofufuza za mbalame ya APLORI ku Jos, Nigeria, imene kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 yatulutsa achinyamata ambiri a digiri yachiwiri. Malawi, Zambia ndi Ghana zili ndi mabuku a mapu a mbalame amene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa mu 2006, 2008 ndi 2014.

Tsono yang'anani pakati pa mapuwo. Democratic Republic of Congo, Central African Republic, South Sudan, Chad, Somalia, ndi mbali yaikulu ya Angola ndi Mozambique ndi malo amene zolembedwa zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Kumeneko mbalame zilipo zochuluka, ndipo zina sizipezeka kwina kulikonse padziko. Pikoko wa ku Congo, mbalame yaikulu ngati nkhuku, sayansi inamudziwa mu 1936, patapita zaka 23 James Chapin ataona nthenga yake imodzi pachisoti cha munthu. Nkhwali ya m'nkhalango za Udzungwa ku Tanzania ofufuza anaidziwa mu 1991. Ngati mbalame zazikulu chonchi zinabisika mpaka zaka zimenezo, nanga tating'ono ta m'zitsamba? Mapu athu amatsata misewu, mtendere, mayunivesite ndi mahotela a alendo. Kumene zinthu zimenezi kulibe, mapu amayera, ndipo wopanga ndondomeko za boma akaona poyera amaganiza kuti palibe kanthu.

Kupendekeka kwachiwiri kuli pa mafunso amene amafunsidwa. Chaka chilichonse mbalame zing'onozing'ono pafupifupi 2 biliyoni zimachoka ku Ulaya kudzathera nyengo yachisanu ya kwawo kummwera kwa Sahara. Anamzeze ambiri amene timawaona m'miyezi ya mvula ndi ena mwa iwo. Mayiko a ku Ulaya amaziona mbalamezi ngati zawo, ndipo ali ndi chifukwa chodera nkhawa: mu 1969 mbalame yotchedwa whitethroat inabwerera ku Britain yochepa kwambiri, ndipo zinadziwika kuti chinaipha ndi chilala cha ku Sahel, dera louma la m'mphepete mwa chipululu cha Sahara chakummwera. Choncho ndalama zimapezeka. Kuyambira 2011 bungwe la British Trust for Ornithology lakhala likumangirira tizida ta setilaiti pa mbalame za cuckoo, n'kuonetsa kuti zimakafika kunkhalango za ku Congo. Ntchitoyi ndi yabwino, sindikuinyoza. Koma mu Africa muno muli mbalame zambirimbiri zimene zimasamuka osatuluka m'kontinenti, kutsata mvula. Abdim's stork imaswana ku Sahel mvula ya kumeneko ikagwa, kenako imatsikira kummwera. Pennant-winged nightjar imachita mosemphana: imaswana kummwera kwa ikweta n'kukathera miyezi ina kumpoto. African pitta, woodland kingfisher ndi chiombankhanga cha Wahlberg nazo zili ndi maulendo awo. Zimenezi zilibe dziko lolemera lozitenga ngati zake, ndiye njira zawo, malo opumira ndi kuchuluka kwawo zikudziwika pang'ono chabe.

Wina anena kuti yankho n'losavuta: mangirirani tizida pa mbalamezo. Apa m'pofunika kudziwa mmene tizidato timagwirira ntchito. Lamulo limene ofufuza ambiri amatsata ndi lakuti chida chisapose 3 peresenti ya kulemera kwa mbalame. Mbalame ya magalamu 20 ingathe kunyamula chida chosaposa magalamu 0.6, ndipo chida chotumiza uthenga ku setilaiti sichipepuka kufika pamenepo. Chotsala ndi kachida kotchedwa geolocator, kamene kamangolemba kuwala: nthawi imene dzuwa latuluka ndi imene lalowa. Nthawi imene dzuwa lafika paliwombo imasonyeza ngati mbalame ili kummawa kapena kumadzulo, ndipo kutalika kwa usana kumasonyeza ngati ili kumpoto kapena kummwera. Ku Ulaya zimenezi zimatheka chifukwa kutalika kwa usana kumasintha kwambiri munthu akamapita kumpoto. Pafupi ndi ikweta usana umakhala pafupifupi maola 12 chaka chonse, ndiye kachidako kamatha kuphonya ndi makilomita mazanamazana. Mbalame ikamakhala mumthunzi wa nkhalango, kapena kukachita mitambo m'mawa, kamalemba ngati dzuwa lachedwa kutuluka. Pamwamba pa izo, kachidaka sikatumiza kanthu. Muyenera kuigwiranso mbalame yomweyo chaka chamawa kuti mukachotse. Ndiye kuti pakufunika munthu wodziwa mtengo umene mbalameyo imaswanirapo, amene adzakhalepo tsiku limene idzabwerere. Chida chamakono chabwerera kwa munthu wokhazikika uja.

Mphete nazo zili ndi malire ake. Ntchitoyi imafuna maukonde opyapyala a mamita 12 kapena 18, a maso a mamilimita 16 ngati mukufuna mbalame zing'onozing'ono, otcheredwa kusanache. Maukonde amayenderedwa mphindi 20 mpaka 30 zilizonse, ndipo kukatentha kapena mvula ikayamba amatsekedwa, chifukwa mbalame yokodwa imafa msanga ndi dzuwa kapena kuzizira. Linthumbu likafika paukonde limene mzere wake wapansi wakhudza udzu, mbalame imatha m'mphindi zochepa. Mbalame iliyonse imavekedwa mphete ya saizi yake, imayezedwa phiko ndi kulemera, imaonedwa ngati ikusintha nthenga kapena ili ndi chikamba chofungatira mazira pamimba, kenako imamasulidwa. Ku Ulaya mphete zambiri zimabwezedwa ndi anthu wamba amene atola mbalame yakufa. Mu Africa zobwezedwa n'zochepa kwambiri: wotola sadziwa kuti atumize kuti, ndipo ena amaopa kuti aimbidwa mlandu wopha mbalame. Choncho phindu lenileni la mphete kuno lili pa kugwiranso mbalame pamalo omwewo chaka ndi chaka. Umu ndi mmene zadziwikira kuti mbalame zing'onozing'ono za m'nkhalango zotentha zimakhala zaka zambiri ndipo zimaikira mazira ochepa, kawirikawiri awiri, kusiyana ndi zinzake za ku Ulaya. Zimenezi zikutanthauza kuti zikachepa zimachedwa kubwereranso. Pulojekiti ya zaka zitatu singaone zimenezi. Imatha mbalame zoyamba kuvekedwa mphete zikadali zamoyo.

Chinthu chabwino kwambiri chimene chachitika zaka 20 zapitazi, m'kuona kwanga, ndi njira ya pentad. Inayamba mu 2007 ndi pulojekiti yachiwiri ya mapu a mbalame kummwera kwa Africa, yotchedwa SABAP2, kenako Kenya ndi Nigeria zinaitenga, ndipo tsopano ikufalikira kumayiko ena pansi pa African Bird Atlas Project. Dziko limagawidwa m'timabokosi totchedwa pentad, ta pafupifupi makilomita 9 mbali iliyonse. Wowerenga amalowa m'kabokosi kamodzi, amafufuza mwakhama kwa maola osachepera awiri, amayesetsa kufika malo amtundu uliwonse amene alimo, monga dambo, munda, mudzi, phiri ndi mtsinje, ndipo amalemba mtundu uliwonse umene waona kapena kumva, motsata ndondomeko imene waipezera. Akhoza kuwonjezera mpaka masiku asanu, kenako khadi, mndandanda wa mbalame zimene walembazo, limatsekedwa n'kutumizidwa, nthawi zambiri kudzera pa foni ndi pulogalamu ya BirdLasser. Khadi likakhala ndi mbalame yosayembekezeka m'deralo, akatswiri amafunsa umboni.

Mphamvu ya njirayi ndi yakuti khadi limatiuzanso za mbalame zimene sizinaoneke. Ngati pa makadi 100 a dera lina nang'omba ankapezeka pa makadi 40, ndipo patapita zaka 10 akupezeka pa makadi 10, pamenepo pali chizindikiro choti anthu adzuke. Munthu wongolemba mbalame yachilendo imene yamusangalatsa sapereka chizindikiro chotere, chifukwa sitidziwa kuti anafufuza nthawi yaitali bwanji ndiponso zimene anaziona koma osazilemba.

Koma njirayi ili ndi pogwera pake, ndipo okonda kuitamanda azinena poyera. Khadi limodzi pa kabokosi silikwanira. Oyendetsa SABAP2 amalimbikitsa makadi osachepera anayi kuti kabokosi kayambe kunena kanthu, ndipo kuti muone kusintha pamafunika ambiri kuposa apo. Makadi amaunjikana pafupi ndi mizinda ndi m'malo otetezedwa. Amachulukanso m'chilimwe, misewu ikamapitika, pamene m'madera ambiri nthawi imene mbalame zikuimba, kuswana ndi kufika kuchokera kutali ndi nthawi ya mvula, milatho itakokoloka. Wowerenga wosadziwa kulira kwa mbalame amaphonya gawo lalikulu la za m'nkhalango yowirira, mmene mbalame zambiri mumazimva osaziona. Mbalame za usiku, akadzidzi ndi anzawo, zimasowa pamakadi chifukwa anthu amabwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Ndiye pali timbalame tofanana kwambiri monga cisticola, pipit ndi greenbul, timene ngakhale akatswiri amakangana nato. Kulakwitsa kamodzi kukalowa m'mapu, ena amakopera, ndipo kumakhala kovuta kukufafaniza.

Ku South Africa ambiri mwa odzipereka ali ndi galimoto zawo ndi nthawi yopuma. Kuganiza kuti m'mayiko ena onse ntchitoyi idzayenda ndi odzipereka otere ndi kudzinamiza. Nigeria yaonetsa njira ina: magulu a achinyamata, ambiri ophunzitsidwa kudzera ku APLORI, amakonza maulendo a pamodzi opita m'timabokosi tosafikidwa, ndipo amathandizidwa pa mayendedwe. M'zaka zochepa afika m'madera amene kale kunalibe cholembedwa chilichonse. Wachinyamata amene ali ndi luso koma alibe ndalama ya basi sangafike kutali. Kumulipirira ulendo sikuchotsa kudzipereka kwake.

Mapu amatiuza kumene mbalame zili. Kuti tidziwe kuchuluka kwake pamafunika kalembera wobwerezabwereza, ndipo ameneyu ndi wotsika mtengo kuposa mmene ambiri amaganizira. M'nkhalango kapena m'tchire, wowerenga amasankha malo oima 10 mpaka 20, otalikirana mamita 250 kuti asawerenge mbalame imodzi kawiri, n'kuwalemba pa GPS. Amayamba m'bandakucha, amaima mphindi 5 kapena 10 pamalo aliwonse, koma nthawi imene wasankhayo asadzaisinthe, ndipo amamaliza pasanathe maola atatu, chifukwa dzuwa likakwera mbalame zimakhala chete ndipo nyenje zimaphimba kulira konse. Amachita zimenezi kawiri pachaka, m'dzinja ndi m'chilimwe, m'masabata omwewo. Chimene chimawononga kalembera wotere kawirikawiri ndi kusintha wowerenga popanda kukonzekera. Watsopano akakhala ndi khutu lakuthwa kuposa wakale, manambala amakwera ngati mbalame zachuluka. Mankhwala ake ndi oti awiriwo awerengere limodzi nyengo imodzi kapena ziwiri, aliyense ndi kope lake, kuti kusiyana kwawo kudziwike.

Mbalame za m'madzi zili ndi kalembera wake wa kontinenti yonse kuyambira 1991, amene amachitika mu Januwale ndipo m'malo ena mu Julayenso. Nyanja za ku Kenya monga Naivasha ndi Nakuru zawerengedwa motero kwa zaka zoposa 30. Gombe limagawidwa m'zigawo, gulu lililonse limatenga chigawo chake, ndipo onse amawerenga m'mawa umodzi kuti gulu la atsekwe louluka kuchoka uku kupita uko lisalembedwe kawiri. Mbalame zikachuluka amawerenga 10, kenako amayerekeza m'magulu a 10, 50 kapena 100. Zovuta zake n'zodziwika: madzi akaphwa malire a zigawo amasokonekera, bwato likasowa chigawo china chimadumphidwa. Ndipo apa pali cholakwika chaching'ono chimene chawononga zolembedwa zambiri. Pafomu, chigawo chimene anthu anafikako osapeza mbalame chiyenera kulembedwa 0, ndipo chimene sanafikeko chiyenera kulembedwa kuti sanafikeko. Zonse ziwiri zikangosiyidwa popanda kanthu, wodzawerengetsa patapita zaka 15 sangadziwe ngati akakowa anasowa kapena ndi bwato linasowa.

Masiku ano kwabwera timakina tojambula mawu monga AudioMoth, timene mumatimangirira pamtengo n'kutisiya masabata angapo, ndi mapulogalamu a kompyuta monga BirdNET ozindikira mbalame pakulira kwake. Timathandiza kwambiri usiku ndiponso m'malo ovuta kufikako. Koma pulogalamu imadziwa zimene yaphunzitsidwa, ndipo mawu ojambulidwa ambiri amene alipo ndi a mbalame za ku Ulaya ndi ku America. Mitundu yambiri ya mu Africa ili ndi mawu ojambulidwa ochepa, ndipo mtundu umodzi umatha kulira mosiyana kuchokera dera lina kupita lina. Pulogalamu ikamva kulira kumene sikudziwa imatchula mbalame ina yofanana nayo. Pamafunikabe munthu womvetsera n'kutsimikiza, munthu wosintha mabatire, ndi wofotokozera eni dera kuti kabokosi kali pamtengoko n'kachiyani, apo ayi simudzakapeza. Wofuna kuthandiza kuti mapulogalamuwa adzagwire ntchito mu Africa ayambe ndi kujambula mawu, kuwalemba dzina lolondola, malo ndi tsiku, n'kuwaika poti aliyense awapeze, monga pa xeno-canto, tsamba la pa intaneti losungira mawu a mbalame.

Anthu odziwa mbalame alipo kale m'midzi, ndipo sayansi yabwino kwambiri yatuluka pamene ofufuza awatenga ngati anzawo pantchito. Ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Claire Spottiswoode ndi anzake anagwira ntchito ndi Ayao ofula uchi, amene amaitana nsadzu, mbalame yolondolera anthu kumene kuli njuchi, ndi kulira kwapadera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti kuitanako kumakweza mwayi wolondoleredwa kuchoka pa 33 kufika pa 66 peresenti, ndipo mwayi wopeza njuchi kuchoka pa 17 kufika pa 54 peresenti. Funsolo linachokera m'nzeru za ofula uchiwo. M'malo ambiri ofufuza amadalira anthu odziwa kupeza zisa, kutsata kulira ndi kukwera mitengo, koma pulojekiti ikatha anthuwo amabwerera kumunda, ndipo luso lawo silikhala ndi pepala lililonse loti akaonetse kwina. Munthu wotere akaphunzitsidwa kudzaza fomu, n'kupatsidwa zoonera patali, buku la zithunzi za mbalame, foni ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ndiye wowerenga wokhazikika amene ndikunenayu.

Sindikunena kuti ofufuza akunja asabwere. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zambiri zimene ndatchula pamwambapa zinatheka ndi luso ndi ndalama zochokera kunja. Koma anatinso mlendo ndi mame. Amabwera miyezi iwiri, nthawi imene yunivesite yake yatseka, osati nthawi imene mbalame ikuswana. Ndalama zake ndi za zaka zitatu, ndipo zimafuna funso latsopano, chifukwa opereka ndalama sakonda kulipira munthu kuti achitenso zimene zinachitika chaka chatha. Zitsanzo zambiri za mbalame za mu Africa, zimene zimafunika posiyanitsa mitundu, zili ku Tring ku England, ku Tervuren ku Belgium, ku Paris ndi ku New York. Wophunzira wa ku Kisangani wofuna kuona zikopa za mbalame za kwawo ayenera kupempha viza. Magazini ambiri a sayansi amafuna ndalama zambiri kuti munthu awerenge kapena kusindikiza, ndipo zolembedwa m'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi owerenga Chingelezi amazidumpha. Msonkhano wa akatswiri a mbalame a mu Africa yonse, umene unayamba ku Livingstone mu 1957, n'kudzachitikanso ku Lilongwe mu 1980, ku Dakar mu 2016 ndi ku Victoria Falls mu 2022, wasintha kwambiri nkhope: achinyamata a mu Africa tsopano ndi ambiri. Funso ndi lakuti akachoka pamsonkhanopo amakagwira ntchito kuti.

Apa mlandu ukugwera maboma ndi mayunivesite athu. Kuphunzitsa munthu mpaka digiri yachitatu n'kusamupatsa mpando wantchito ndi kutungira madzi m'dengu. Ambiri amathera m'mabungwe kumene amalemba malipoti, kapena amapita kunja. M'mayiko ena chilolezo chofufuzira chimatenga miyezi yambiri, mpaka nyengo yoswana kudutsa, ndipo wophunzira wa m'dziko momwemo amavutika chimodzimodzi ndi mlendo. Nyumba zosungira zitsanzo, monga za ku Bulawayo ndi ku Nairobi zimene zili ndi zikopa za mbalame zikwizikwi, zimafuna chisamaliro chosalekeza, chifukwa tizilombo tikalowa m'kabati timatha ntchito ya zaka 100 m'miyezi yochepa. Makope a mphete, mafomu a kalembera ndi zolemba za ophunzira zili m'makatoni m'maofesi ambiri, kudikira chiswe.

Ena adzati m'mayiko amene zipatala zikusowa mankhwala, kuwerenga mbalame ndi ntchito ya okhuta. Ndikumvetsa kulemera kwa mawuwa, koma taonani kumene manambala a mbalame amafunika. Quelea, kambalame kochuluka kuposa mbalame ina iliyonse yakutchire padziko, kamatha minda ya mapira, mawere ndi mpunga. Imaswana m'magulu aakulu motsata kumene mvula yagwa ndi udzu wabereka. Wodziwa kumene ikaswanire amateteza minda nthawi ikadalipo. Wosadziwa amapopera mankhwala monga fenthion mochedwa, n'kupha mbalame zina ndi nyama zodya zakufazo. Mu Januwale 2021 mbalame za pelican pafupifupi 750 zinafa ndi chimfine cha mbalame ku Djoudj, Senegal, ndipo chaka chomwecho matendawa anapha mbalame za cormorant zoposa 20,000 kugombe la South Africa. Woweta nkhuku aliyense ali ndi chifukwa chofunira kuti pakhale anthu oyang'ana madambo. Mu Juni 2019 miimba 537 inafa ku Botswana itadya njovu zothiridwa poizoni, ndipo miimba ikatha mitembo ya nyama imawola nthawi yaitali, agalu olusa n'kuchuluka. Nthambo za magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo zikumangidwa mofulumira. Lamulo m'mayiko ambiri limafuna kuunika chilengedwe ntchito isanayambe, koma ngati palibe zolembedwa zakale, wounikayo amayenda masiku atatu m'chilimwe n'kulemba kuti palibe vuto, pamene nthambozo zadutsa panjira ya mbalame zimene zimafika m'dzinja.

Pali ntchito imodzi imene ingayambe chaka chino popanda chida chatsopano, ndiyo kubwereza kalembera wakale. Nathaniel Annorbah ndi anzake anachita zimenezi ku Ghana. Anapita m'malo amene zinkhwe zotuwa zinkagona, amene anawerengedwa cha m'ma 1992, n'kuwerenganso. Anapeza kuti dzikolo lataya pakati pa 90 ndi 99 peresenti ya mbalamezi, ndipo mu 2016 ku Johannesburg msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zogwidwa kutchire. Mu 2001 bungwe la BirdLife International linatulutsa mndandanda wa malo ofunika kwa mbalame oposa 1,200 mu Africa ndi zilumba zake, aliwonse ndi mitundu imene inapezekamo. M'magazini a Ostrich, Scopus ndi Malimbus muli makalembera a nkhalango, madambo ndi misewu a zaka 30, 40 kapena 50 zapitazo. Dipatimenti iliyonse ya sayansi ya zamoyo ingathe kusankha atatu a m'dziko lake n'kupatsa ophunzira. Choyamba apeze lipoti loyambirira n'kulemba bwinobwino njira imene inatsatidwa: mwezi, ola, kutalika kwa ulendo, chiwerengero cha owerenga, liwiro la galimoto, kutalika kwa maukonde. Ngati wolemba wake akadali moyo, amufunse pamene ankaima, chifukwa mayina a malo amasintha ndipo misewu imasuntha. Kenako abwereze chimodzimodzi, osakonza kanthu, ngakhale njira yakaleyo ioneke yachikale. Akafuna kuyesa njira yatsopano aichite pambali, tsiku lina. Zopeza zawo aziike m'malo awiri, m'nyumba yosungira zitsanzo ya m'dziko lawo ndi pa nkhokwe ya pa intaneti monga GBIF, pamodzi ndi manambala a GPS a malo aliwonse oima, ndi tsiku limene gulu lotsatira liyenera kudzabwererako.